Kochi mmodzi, masewera anayi: zokambirana za a Amos Alonzo Stagg

Nachisale wa ku Chicago
Moni nonse pa gulu. Ndabwera ndi nkhani ya bambo wina amene ambiri kumudzi sitinamvepo dzina lake, koma kuno ku America otsata masewera a m'makoleji amalidziwa bwino: a Amos Alonzo Stagg. Anaphunzitsa mpira wa ku America pa University of Chicago zaka 41, kuyambira 1892 mpaka 1932. Pa sukulu yomweyo anali kochi wa baseball zaka pafupifupi 20, kochi wa othamanga zaka zopitirira 30, ndipo mu sizoni ya 1920 mpaka 1921 anatenganso timu ya basketball. Atawapumitsa ntchito ali ndi zaka 70 anakana kukhala pansi, anapita kwina n'kukaphunzitsabe mpaka atadutsa zaka 90. Anamwalira mu 1965 ali ndi zaka 102. Ndikufunsa makamaka inu aphunzitsi ndi makochi muli muno: kodi munthu mmodzi angaphunzitsedi masewera onsewa bwinobwino?

Mnyamata wa ku Ndirande
Achemwali, ine ndikukayika. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Masiku ano timu imodzi yokha ili ndi kochi wa magoloboyi, wina wa otchinga kumbuyo, wina wolimbitsa thupi. Ndiye munthu mmodzi masewera anayi? Kwinako ankangoimapo ndi wezulo basi.

Aphunzitsi Opuma
Mwana wanga, yamba waona kaye mmene chaka cha masewera chimayendera m'makoleji a kumeneko. Mpira wawo uja amasewera kuyambira Sepitembala mpaka kumapeto kwa Novembala. Kukayamba kuzizira, chipale chikagwa, onse amalowa m'nyumba, ndiye nthawi ya basketball. Kukayamba kufunda cha m'Malichi ndi Epulo amatuluka kukasewera baseball ndi kuthamanga. Masewerawa sankalimbirana munthu, ankalandizana. Zili ngati mlimi amene dzinja ali kumunda, chilimwe ali kudimba: khasu ndi lomwelo, manja ndi omwewo. Ndipo anyamata ake ambiri anali omwewonso. Amene wamuona akugwetsa anzake mu Okutobala ndi yemweyo ukamupeza akuponya chitsulo mu Meyi. Kochi ankamudziwa mwanayo chaka chonse, kudya kwake, kupsa mtima kwake, bondo lake lovuta.

Nachisale wa ku Chicago
Zikomo aphunzitsi. Ndiwonjezere za kumene anachokera, chifukwa mpamene pali gwero la zonse. Anabadwa pa 16 Ogasiti 1862 ku West Orange, m'chigawo cha New Jersey, m'banja losauka. Bambo awo anali wosoka nsapato. Anapita ku Yale ndi cholinga chodzakhala mbusa. Kumeneko anatchuka ndi baseball, anali woponya mpira, ndipo Yale inatenga ukatswiri kasanu iwo akuponya. Matimu olipira anawafuna ndi ndalama zambiri koma anakana, ankaona kuti masewera olipidwa a nthawi imeneyo anadzadza ndi mowa ndi juga. Mu 1889, pamene anthu anasankha koyamba osewera mpira 11 opambana m'makoleji onse a dzikolo, dzina lawo linalipo.

Ubusa anausiya chifukwa pa guwa lilime linkalemera, kulalikira sikunkawayendera. Anaona kuti achinyamata omwe ankafuna kuwafikira ndi ulaliki angawafikire pa bwalo. Ndiye mu 1890 analowa sukulu ya YMCA ku Springfield, Massachusetts, yophunzitsa alangizi a masewera. Mnzawo wa pa sukulupo anali James Naismith, yemwe ankasewera mu timu ya mpira ya a Stagg, ndipo ndi Naismith yemweyo amene anayambitsa basketball mu Disembala 1891. Pa 11 Malichi 1892 panali masewera oyamba a basketball oonetsa kwa anthu, aphunzitsi kulimbana ndi ophunzira. Aphunzitsi anagonja 5 kwa 1, ndipo chigoli chimodzicho anamwetsa ndi a Stagg, amene anasewera mbali ya aphunzitsi.

Kochi Wamng'ono
Eeh, ndiye kuti basketball anaiona ikubadwa ndi maso awo.

Nachisale wa ku Chicago
Ndithu achimwene, ndipo anaitengera ku Chicago. Poyamba anthu ankalowa m'bwalo 9 mbali iliyonse, pena kuposa apo. Pa 18 Januwale 1896 Chicago inakasewera ndi Iowa ku Iowa City, anthu asanu mbali iliyonse, n'kupambana 15 kwa 12. Awa amawerengedwa ngati masewera oyamba a makoleji awiri a anthu asanuasanu. Kuyambira 1917 mpaka 1930 a Stagg ankaitanitsanso matimu a sukulu za sekondale ochokera m'zigawo zosiyanasiyana kudzapikisana ku Chicago, ndipo mpikisano umenewo unathandiza kuti malamulo a masewerawa afanane m'dziko lonse. N'chifukwa chake mu 1959 anawaika m'gulu loyamba la anthu olemekezedwa ku Basketball Hall of Fame, chikhalirecho anali atalowa kale ya mpira mu 1951, monga wosewera komanso monga kochi.

Mnyamata wa ku Ndirande
Chabwino, za basketball ndavomera. Koma sizoni imodzi yokha monga kochi si umboni. Ndiuzeni za mpira, anapambana chiyani?

Malume a ku Joni
Mphwanga, lekani ndikuyankheni ine, chifukwa mpira umenewu ndimautsata usiku pa TV. Kwa amene simuudziwa: ndi anthu 11 mbali iliyonse, mpira wake ndi wosongoka uku ndi uku, ndipo timu imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10. Ikakanika, mpira umapita kwa anzawo. Pafupifupi chilichonse chimakonzedwa ndi kochi masewera asanayambe, ndani aime pati, ndani athamangire kuti. Ndiye kochi woganiza amaoneka msanga.

Chicago pansi pa a Stagg inatenga ligi ya makoleji akuluakulu a chigawo chapakati, imene lero imatchedwa Big Ten, kasanu ndi kawiri: 1899, 1905, 1907, 1908, 1913, 1922 ndi 1924. Chaka chokoma kwambiri ndi 1905. Michigan ya kochi Fielding Yost inali itasewera masewera 56 osagonja kuyambira 1901, ikumwetsa matimu zigoli zochititsa manyazi. Pa 30 Novembala 1905 inabwera ku Chicago. Pafupifupi masewera onse panalibe womwetsa chigoli, ankangobwezerana mpira ndi phazi. Chakumapeto Walter Eckersall wa Chicago anaumenya patali, wosewera wa Michigan dzina lake Denny Clark anauwakha kuseri kwa mzere wa golo lake, ndipo m'malo mougwetsa pansi pomwepo anayesa kuthamanga nawo. Anyamata awiri a Chicago anamugwira n'kumubwezera kuseri kwa mzere. Zikatero timu inayo imapatsidwa mapointi awiri. Masewera anatha 2 kwa 0, kupambana Chicago.

Komanso zida zina zomwe makochi amagwiritsa ntchito mpaka lero zinachokera kwa iwo. Chithumba cholendewera chophunzirira kugwetsa munthu, kuti anyamata asamavulazane okhaokha pa tirenin'i, ndi iwo. Khola la neti lophunziriramo kumenya mpira wa baseball, ndi iwonso. Onani kuti chimodzi ndi cha mpira, china cha baseball. Munthu wongoima ndi wezulo sapanga zimenezo.

Kochi Wamng'ono
Apa malume mwandikhudza. Ine ndimaphunzitsa ana mpira wa miyendo pa sukulu ina ya pulayimale, koma ndimathandizanso atsikana a mpira wa manja chifukwa palibe wina. Ndinazindikira kuti mmene atsikana amathawira wowalonda, kunamiza kumanzere n'kutulukira kumanja popanda mpira m'manja, ndi zomwe anyamata anga akutsogolo ankasowa. Iwo ankangoima kudikira mpira uwapeze. Tsopano Lachitatu lililonse amayamba ndi mphindi 20 za mpira wa manja, poyamba ankanyinyirika, pano amapempha okha. Ndiye ndikumvetsa kuti munthu amene amaona masewera ambiri amakhala ndi poba nzeru.

Nangozo
Pepani ndilowererepo, chifukwa mukuwayeretsa kwambiri bambowa. Malume mwatchula Eckersall. Mnyamata ameneyu anasewera kuyambira 1903 mpaka 1906, anthu ankadzaza bwalo kudzaona iyeyo. Koma m'kalasi sankaoneka kawirikawiri, ndipo maphunziro amene anakhoza anali ochepa kwambiri, kutali ndi digiri. Akuluakulu a sukulu ankadziwa, kochi ankadziwa. Anamusiya azisewera zaka zinayi zonse. Atangosewera masewera ake omaliza, posakhalitsa sukulu inamutsekera chitseko. Tsono ngati a Stagg analowa ntchitoyi kuti aumbe khalidwe la achinyamata m'malo mwa ubusa, mwana uyu anamuumba chiyani? Zimandipweteka chifukwa ndi zomwe timazionabe: mwana waluso amakondedwa miyendo ikamathamanga, ikatopa aliyense amayang'ana kumbali.

Aphunzitsi Opuma
Mayi Nangozo mwanena zoona ndipo sindikutsutsani. Ndingowonjezera kuti mlandu umenewu uli ndi eni ake awiri. Yunivesite ya Chicago inatsegulidwa mu 1892 ndi ndalama za John D. Rockefeller. Mkulu wake woyamba, William Rainey Harper, anali ataphunzitsapo a Stagg za Baibulo ku Yale. Sukulu inali yatsopano, yopanda mbiri, ndipo Harper ankafuna timu yoti iziyenda m'dziko n'kumagonjetsa makoleji akale kuti dzina la sukulu limveke m'manyuzipepala. Powalemba ntchito anayamba ndi madola 1,500 pa chaka. A Stagg anangokhala duu, akuganiza. Harper anakweza kufika 2,000, kenaka 2,500 pamodzi ndi udindo wa pulofesa wokhazikika. Kochi kukhala pulofesa chinali chinthu chachilendo nthawi imeneyo. Chaka choyamba ophunzira anali ochepa moti a Stagg ankavala yunifolomu n'kulowa okha m'bwalo. Pofika 1894 anali atakwera kale sitima ndi timu mpaka ku California kukasewera ndi Stanford. Sukulu inkafuna kutchuka, kochi ankafuna kupambana, ndipo pakati pawo panali mwana ngati Eckersall.

Nangozo
Ndiye mukugwirizana nane aphunzitsi. Udindo wa upulofesa uja ukuwonjezera mlandu. Kochi wamba anganene kuti za m'kalasi si zanga. Pulofesa sanganene choncho.

Malume a ku Joni
Achemwali, komabe tisaiwale kuti anyamata mazanamazana anadutsa m'manja mwawo, anamaliza sukulu n'kukhala madokotala, maloya, aphunzitsi. Bambowa sankamwa, sankasuta, sankatukwana, ndipo matimu ena ankawakhulupirira mpaka kuwapempha kuti aimbire masewera omwe timu yawo yomwe ikusewera. Eckersall naye sanathere m'ngalande, anakhala mtolankhani wa zamasewera ku Chicago Tribune komanso woimbira mpira wodziwika mpaka imfa yake mu 1930.

Nangozo
Anadzipezera yekha njira, malume. Zimenezo sizifafaniza zomwe sukulu inamuchita.

Mnyamata wa ku Ndirande
Ine chimene chandigwira mtima ndi zowapumitsa zija. Zaka 70 ndi zambiri. Sukulu inalakwa pati?

Nachisale wa ku Chicago
Lamulo la sukulu linali loti pa zaka 70 munthu apume, ndipo kunena chilungamo timu inali itafooka. Chikho chomaliza chinali cha 1924. Mkulu watsopano, Robert Maynard Hutchins, amene analowa mu 1929 ali ndi zaka 30 zokha, sankaukonda mpira, ankati ukusokoneza maphunziro. Makoleji a boma oyandikana nawo anali atakula kwambiri ndipo ankakopa osewera abwino, pamene Chicago inkakhwimitsa zolowera. Anawapatsa a Stagg udindo wina waulemu wa mu ofesi, iwo anakana, n'kunyamuka ulendo wa ku Stockton, California, ku sukulu yaing'ono yotchedwa College of the Pacific. Anakhalako kuyambira 1933 mpaka 1946.

Mu Novembala 1938 anabwera ndi timu yawo yatsopanoyo kudzasewera ndi Chicago, pa bwalo lotchedwa dzina lawo lomwe, Stagg Field. Pacific inapambana 32 kwa 0. Chaka chotsatira Chicago inagonja 85 kwa 0 ndi Michigan, 61 kwa 0 ndi Harvard, 61 kwa 0 ndi Ohio State, ndipo mu Disembala 1939 Hutchins anathetseratu timu ya mpira. Ndiye vuto silinali ukalamba wa kochi. Sukulu inali itasankha kale njira ina.

Pang'ono za bwalolo, poti ndimadutsapo. Litasiyidwa, kunsi kwa mipando ya oonerera ya mbali ya kumadzulo n'kumene wasayansi Enrico Fermi ndi anzake anayatsira koyamba mphamvu ya nyukiliya yoyendetsedwa ndi anthu, pa 2 Disembala 1942. Bwalo lakalelo analigwetsa, pamalopo pali laibulale yaikulu ya Regenstein, ndipo chapambali pali chosema cha mkuwa cha Henry Moore chokumbutsa za tsikulo.

Kochi Wamng'ono
Ku Pacific zinawayendera?

Malume a ku Joni
Mukaphatikiza zaka zonse 14, anagonja kambiri kuposa kupambana, chifukwa sukulu yaing'ono ankaisewereza ndi zimphona. Koma mu 1943, nkhondo ili mkati, asilikali a pamadzi ankaphunzira pa sukulupo ndipo ena anali osewera abwino. Timu inapambana 7 n'kugonja 2, inagonjetsa California ndi UCLA, ndipo makochi anzawo anawasankha kukhala kochi wopambana wa chaka ali ndi zaka 81. Pacific itafunanso kuwapumitsa mu 1946, anapita ku Susquehanna ku Pennsylvania kukathandizana ndi mwana wawo Amos Jr., kuyambira 1947 mpaka 1952. Kenaka anabwerera ku Stockton n'kumaphunzitsa omenya mpira ndi phazi pa koleji yaing'ono ya m'tauniyo. Ku Olympics ya ku Paris mu 1924 analinso mmodzi wa makochi a othamanga a America, tisaiwale.

Nangozo
Ndipo pa zaka zonsezi pali munthu amene simunamutchule. Mayi Stella, akazi awo, amene anakwatirana mu 1894. Mayiwa ankakhala pamwamba ndi kope, kulemba sewero lililonse, ndani wapita kuti, mayadi angati. Ankapita kukazonda matimu omwe amuna awo akumane nawo n'kubwera ndi malipoti. Lero imeneyo ndi ntchito ya anthu angapo olipidwa okhala ndi makompyuta. Ndiye tikamati munthu mmodzi masewera anayi, tiziti anthu awiri. Kuchoka ku Susquehanna kuja chinali chifukwa cha kudwala kwa mayiwa. Anamwalira mu 1964, amuna awo n'kutsatira pa 17 Malichi 1965.

Aphunzitsi Opuma
Mwachita bwino kuwatchula mayi. Ine ndikufuna kuika pambali pa a Stagg bambo wina, kuti tione kuti kuphunzitsa masewera ambiri sikunali kofanana kwa onse. A Eddie Robinson analembedwa ntchito mu 1941 ali ndi zaka 22 pa koleji ya anthu akuda ku Grambling, Louisiana, malipiro madola 63.75 pa mwezi. A Stagg anayamba ndi ndalama za Rockefeller kumbuyo kwawo. A Robinson ankalemba okha mizere ya bwalo, ankaphunzitsa mpira, basketball ya anyamata ndi ya atsikana, masewera akatha n'kukhala pansi kulemba nkhani yotumiza ku nyuzipepala. Pa ulendo ankakonzeratu masangweji, chifukwa malesitilanti a m'njira sankalola anthu akuda kudyamo. Mu 1942 timu yawo inapambana masewera onse 9 popanda kumwetsedwa ngakhale pointi imodzi. Nthawi ya nkhondo, akuphunzitsa pa sekondale ya pomwepo, bambo wina anabwera kudzatenga ana ake awiri kuti akathyole thonje. A Robinson anatenga timu yonse kupita kumunda kwa bamboyo, thonje linatha, anawo anabwerera ku bwalo.

Anakhala pa sukulu imodziyo mpaka 1997 ndipo anapambana masewera 408. Osewera awo opitirira 200 analowa mpira wolipidwa, mmodzi wa iwo Doug Williams, amene anatsogolera Washington kutenga Super Bowl, chikho chachikulu cha mpira wolipidwa wa ku America, mu Januwale 1988. Koma chimene ankadziwika nacho pa sukulupo ndi belu. M'mawa ankayenda nalo m'magonero a anyamata kuwadzutsa kuti akadye ndi kupita m'kalasi. Mayi Nangozo, belu limenelo ndi limene Eckersall anasowa.

Nangozo
Ndi zimenezotu aphunzitsi. Ndiye kuti zinali zotheka.

Mnyamata wa ku Ndirande
Koma lero zingachitikenso? Ine ndikuona ngati ayi.

Malume a ku Joni
M'makoleji akuluakulu sizingatheke mphwanga. Sizoni ikatha kochi amakhala pa ndege kusaka osewera atsopano, kuonera mavidiyo, kukumana ndi opereka ndalama. Ena amalandira madola opitirira 10 miliyoni pa chaka, ndipo akagonja zaka ziwiri zotsatizana ntchito yatha. Kuyambira 2021 osewera nawonso amaloledwa kupanga ndalama ndi mayina awo, ndiye kochi amalimbananso ndi zoti mnyamata wake asakopedwe ndi sukulu ina. Munthu wotere simungamuuze kuti mu Epulo akagwire wotchi ya othamanga. Zatsalira m'masekondale ndi m'makoleji ang'onoang'ono. Mwina n'chifukwa chake fainolo ya makoleji omwe sapereka maphunziro aulere chifukwa cha masewera, a Division III, imatchedwa Stagg Bowl.

Aphunzitsi Opuma
Ndipo chimene chimatayika ndi diso la munthu mmodzi pa mwana. Ine pa sekondale imene ndinkaphunzitsa ndinali ndi mpira wa miyendo, wa manja, volebo ndi kuthamanga, kuwonjezera pa Jogalafe m'kalasi. Kunali mtsikana wina amene pa mpira wa manja ankangogwetsa mipira, anzake ankamuseka. Koma ndinkaona mmene ankabwererera kumbuyo timu ikataya mpira, mapazi ake sankamveka pansi ndipo sankapuma mwawefuwefu. Teremu yotsatira ndinamuika pa mamita 1,500. Anakaimira sukulu mpaka pa chigawo. Ndikanakhala wa mpira wa manja wokha, ndikanangomuchotsa mu timu n'kumuiwala. Sindikunena kuti ndinkadziwa volebo ngati katswiri, ayi, koma ana ndinkawadziwa.

Mnyamata wa ku Ndirande
Pa ana a sukulu ndagonja aphunzitsi. Pa timu yofuna chikho ndikadali pomwe ndinali, aliyense agwire chake. Funso lomaliza: onse pamodzi a Stagg anapambana masewera angati a mpira?

Nachisale wa ku Chicago
Bungwe la NCAA, loyendetsa masewera a m'makoleji ku America, limawerenga 314 opambana, 199 ogonja, 35 ofanana mphamvu. Nambala ya 314 inakhala pamwamba zaka zambiri mpaka kochi Bear Bryant wa ku Alabama anaidutsa mu 1981. Bryant anathera pa 323, ndipo a Robinson anamudutsa mu 1985.

Malume a ku Joni
Koma pamenepo pali mkangano achemwali. Zaka zisanu ndi chimodzi za ku Susquehanna timu inapambana masewera 21, kuphatikizapo sizoni ya 1951 imene sinagonje n'kamodzi komwe. Anyamata amene anasewera nthawi imeneyo, ndi mwana wawo yemwe, ankanena kuti bambo ndi mwana anali makochi ofanana udindo, bambo akuyendetsa mbali yomwetsa zigoli. NCAA inakana, inati pa mapepala kochi wamkulu anali mwanayo. Mukaphatikiza 21 pa 314 mupeza 335, kutanthauza kuti Bryant sakanawapeza. Ine ndili kumbali ya anyamata amene anali pa bwalopo, masewera amenewo awapatse.